Pamalire Pamene Njere za Mchenga Zimabadwira ndi Kufera M'kompyuta

Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limakhala ndi njere zapakati pa 150,000 ndi 200,000, malinga ndi mtundu wa mbewuyo. Ndiye kuti tani imodzi ili ndi njere pafupifupi 3 miliyoni kapena kuposerapo, ndipo nkhokwe za boma za ku Kanengo mu Lilongwe, zomwe zimatha kusunga matani 180,000, zitadzaza zingakhale ndi njere zoposa 500 biliyoni. Masiku ano injiniya wofuna kudziwa mmene chimanga chimakankhira khoma la nkhokwe pamene chikutuluka kunsi, kapena chimene chimatseketsa bowo lotulukira, amayamba wayesa pa kompyuta asanawononge simenti ndi zitsulo. Koma palibe kompyuta imene ingalondole njere 500 biliyoni imodziimodzi. Nzeru imene akatswiri anapeza ndi yakuti kompyuta iziwerengera njere payokhapayokha pamalo ochepa okha pamene pali chipwirikiti, ndipo kwina konseko izitenga chimangacho kapena mchengawo monga mulu umodzi wosaoneka njere zake. Popeza malo a chipwirikitiwo sakhala pamodzimodzi, kompyuta imayenera kumalenga njere zatsopano kumene zikufunika ndi kumafufuta zimene zatha ntchito. Kwa wongomva, kulenga ndi kufufutaku kumaoneka ngati kantchito kongomalizitsira. Komatu ndi pomwepa, pamalire pamene njere zimabadwira ndi kufera, pamene pamadziwikira ngati zimene kompyutayo yanena n'zoti munthu angamangirepo nkhokwe kapena ndi kanema wosangalatsa maso basi.

Njira yowerengera njerenjere, imene akatswiri amaitchula mwachidule kuti DEM, anaiyambitsa ndi Peter Cundall mu 1971 pofufuza za kugumuka kwa matanthwe, ndipo mu 1979 iye ndi Otto Strack ku yunivesite ya Minnesota anaikonza kuti igwire ntchito pa mchenga ndi dothi. Ganizo lake ndi losavuta. Njere iliyonse ili ndi malo ake, liwiro lake ndi kazunguliridwe kake. Njere ziwiri zikakhudzana, kompyuta imalola kuti zilowane pang'ono zedi, ndipo kukula kwa kulowanako n'kumene kumanena mphamvu imene zikukankhanirana, ngati kuti pakati pawo pali kasipiling'i. Palinso kasipiling'i kena kam'mbali kamene kamasunga kukhulana kwa njerezo, kamakokeka pang'onopang'ono mpaka njerezo zitatsetsereka. Kompyuta ikaphatikiza mphamvu zonse zogwera njere imodzi, imaisuntha pang'ono motsatira malamulo a Newton, n'kuyambiranso. Vuto lili pa mawu oti pang'onowo. Njere zolimba zikagundana, kugundanako kumatha m'kanthawi kochepa kwambiri, motero kompyuta imayenera kudula nthawi m'tizigawo ta gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, nthawi zina tocheperapo. Kuti ione sekondi imodzi ya mchenga ukuyenda, imabwereza masamu onse maulendo 1 miliyoni pa njere iliyonse. Mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba ya mchenga wa njere za milimita imodzi ili kale ndi njere zoposa 1 biliyoni.

Njira inayo ndi yakale kuposa kompyuta. Siyifunsa za njere. Imafunsa kuti pamalo apa mulu ukupanikizika motani, wathinana motani, ndipo ukuyenda pa liwiro lotani. Mu 1895 injiniya wa ku Germany, H. A. Janssen, anayeza kulemera kofika pansi pa nkhokwe zoyeserera n'kupeza chinthu chimene madzi sachita: ukamaonjezera mbewu, kupanikiza kwa pansi kumakwera mpaka penapake kenako kumaima, chifukwa makoma ndi amene amasenza katundu wotsalayo kudzera m'kukhulana. Masamu amene analemba akadali m'malamulo omangira nkhokwe mpaka lero, ndipo mulibemo njere ngakhale imodzi. Pa kompyuta, mulu umagawidwa m'timabokosi, kabokosi kalikonse n'kuimira njere zikwizikwi. Njira imodzi yotere, imene Deborah Sulsky ndi anzake anaikonza ku New Mexico mu 1994, ndi imene a Disney anagwiritsa ntchito popanga chipale chofewa cha mu kanema wa Frozen mu 2013. Kuwerengera mulu n'kwachangu, koma kuli ndi malo amene kumalephera, ndipo malowo ndi omwe amadetsa nkhawa. Bowo likachepa kufika pa kukula kwa njere zisanu kapena kuchepera apo, njere zimatha kugwirana n'kumanga kaulalo kamene kamatseka bowolo, chinthu chimene mulu wopanda njere sungachidziwe. Dothi likamang'ambika pansi pa maziko a nyumba, kutsetsereka konse kumachitika m'kamzere kopyapyala, ka njere pafupifupi 10 mpaka 20 m'lifupi mwake. Ndipo pamwamba pa mulu, pamene njere zikudumpha ndi kumwazika, mawu oti mulu alibenso tanthauzo.

Kulumikiza njira ziwirizi kunabwera ngati chinthu chosapeweka, ndipo si pa mchenga pokha: mphoto ya Nobel ya kemisitiri ya 2013 inapita kwa Martin Karplus, Michael Levitt ndi Arieh Warshel chifukwa cha ganizo lofanana nalo, lowerengera mozama kachigawo kakang'ono ka molekyu ndi kuwerengera kwinako mopepuka. Mu 1998 Hachmi Ben Dhia wa ku Paris anakonza njira yotchedwa Arlequin, imene m'malo moika mzere umodzi wolekanitsa mbali ziwirizo imaika chigawo chapakati momwe zonse ziwiri zimakhalamo nthawi imodzi. Kumbali ya njere, njere ndi zimene zimasenza katundu yense. Ukamalowera kumbali ya mulu, gawo la njere limachepa pang'onopang'ono pamene la mulu likukula, ndipo magawo awiriwo ukawaphatikiza amakwana chinthu chimodzi chathunthu nthawi zonse. Christian Wellmann ndi Peter Wriggers a ku Hannover anaigwiritsa ntchito pa mchenga mu 2012. Malire osasuntha amakwanira ngati ukudziwiratu pamene vuto lidzakhale, monga pokhoma mzati m'nthaka. Koma taganizani za gudumu. Mu 2009 kagalimoto ka NASA kotchedwa Spirit kanatitimira m'dothi lofewa pa Mars, ndipo ngakhale mainjiniya ku Pasadena anayesa njira zokatulutsira pogwiritsa ntchito kagalimoto kofanana nako m'bokosi la dothi losakaniza, sikanatulukemo. Wofuna kuwerengera gudumu lotere amafunika njere pansi pa gudumulo pokha, koma gudumu limayenda. Kutsogolo kwake kuyenera kumabadwa njere, kumbuyo kwake zizifufutidwa. Mu 2018 gulu limene munali Yonghao Yue, Ken Kamrin wa ku MIT ndi Eitan Grinspun wa ku Columbia linaonetsa pulogalamu yochita zimenezi yokha: nthawi ndi nthawi imayang'ana mmene njere zathinanirana, n'kusankha kumene kukufunika njere ndi kumene mulu ungakwanire.

Kufufuta njere kumaoneka kophweka, ndipo m'mapulogalamu monga LAMMPS, LIGGGHTS ndi MercuryDPM ndi lamulo la mzere umodzi. Pamene njere zikutulukiratu, monga zimene zagwa kale kunsi kwa nkhokwe, kuzifufuta sikulakwitsa kanthu. Koma njere ya pakati pa mulu siili yokha. Ofufuza akhala akugwiritsa ntchito timabwalo ta pulasitiki timene timawala tikapanikizika, monga anachitira Robert Behringer ku yunivesite ya Duke, ndipo zithunzi zawo zimaonetsa kuti katundu sagawanika mofanana. Amadutsa m'mizere yochepa ya njere zotsamirana, yokhotakhota ndi yochita nthambi, pamene njere zambiri zoyandikana nazo sizisenza chilichonse cholozeka. Kuchotsa njere imodzi ya pamzere wotere ndi kugwetsa mzere wonse. N'chifukwa chake kufufuta koyenera kuli ngati kutseka buku la ndalama: kulemera kwa njere zochotsedwazo kupite ku mulu kosapungula, liwiro lawo lipitenso, ndipo mphamvu zonse zimene zinkakankhanirana ziphatikizidwe n'kusanduka kupanikiza kumene kabokosi ka muluko kayambire nako. Kabokosi kakayamba kopanda kupanikiza kumeneko, njere zotsala zimaona ngati pansi pagumuka, ndipo kompyuta imaonetsa kutitimira kumene sikunachitike konse.

Ngakhale bukulo litatsekedwa bwino, pali china chimene chimatayika, ndipo chimenechi ndiye gwero la mavuto onse. Mchenga umakumbukira mmene unaikidwira. Mu 1999 Loïc Vanel ndi anzake, kuphatikizapo Behringer, anaunjika milu iwiri ya mchenga womwewo yofanana maonekedwe. Wina anauthira kuchokera pabowo limodzi, wina anauthira kudzera m'sefa yotambalala kuti ugwe paliponse mofanana. Atayeza pansi anapeza kuti mulu wothiridwa pabowo limodzi umapanikiza mochepa pakati penipeni, pomwe muluwo ndi wautali kwambiri, pamene winawo ulibe kuchepa kumeneko. Kale mu 1972 Masanobu Oda wa ku Japan anali ataonetsa kuti kulimba kwa mchenga kumasintha malinga ndi mbali imene ukuukankhira poyerekeza ndi mmene njere zake zinagonera. Mbiri yonseyi siilembedwa kwina kulikonse koma m'kayalidwe ka njere, kuti iyi yatsamira iti, molozera kuti, ndipo tisipiling'i tam'mbali tija takokeka motani. Kompyuta ikasandutsa njere 10,000 kukhala manambala ochepa a kabokosi kamodzi, imakhala yataya zambiri za mbiriyo. Sikuti kutayako n'kulakwa, pakuti n'kumene kukupulumutsa nthawi. Koma tsiku limene malire adzabwerere pamalo omwewo, kompyuta idzayenera kubweza njere zimene siikuzikumbukiranso.

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Njira imene aliyense angayambe kuiganiza ndi yosankha malo mwachisawawa, kuona ngati pali mpata, n'kuikapo njere. Ngati palibe, kusankhanso pena. Akatswiri a masamu anaifufuza kalekale, kuyambira pa funso la Alfréd Rényi la mu 1958 lokhudza magalimoto oimikidwa mwachisawawa m'mbali mwa msewu. Yankho lake pa timipira tofanana kukula ndi lokhumudwitsa: timipira tikangodzaza magawo 38 pa 100 aliwonse a malowo, sipapezekanso mpata wokwana kampira kena, ngakhale mipata ing'onoing'ono ili ponseponse. Koma timipira tothiridwa m'chitini n'kugwedezedwa timadzaza magawo pafupifupi 64 pa 100. Kusiyana kumeneku kukutanthauza kuti kuthinana kwa mchenga weniweni sikupezeka mwa kungoika njere pamene pali malo; kumapezeka pamene njere zikusunthana ndi kupatsana mpata. Zili ngati kukweza munthu wina m'minibasi yodzaza kale: malo alipo, koma ndi omwazikana pakati pa mawondo ndi zigongono, ndipo sapezeka mpaka aliyense atasendera. Wopanga pulogalamu akatopa n'kungokakamiza njereyo, imalowana ndi zinzake mopyola muyeso, ndipo masamu amene Heinrich Hertz analemba m'zaka za m'ma 1880 amanena chimene chimatsatira: kulowana kukachuluka maulendo 100, mphamvu yokankhana imachuluka maulendo 1,000. Pa sitepe yotsatira njereyo imaulukira kutali ndi liwiro losaneneka, n'kumwaza zinzake. Mphamvu imeneyo sinachokere ku gudumu kapena ku kulemera kwa mulu. Yachokera m'dzanja la wolemba pulogalamu.

Njira zozembera vutoli zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake. Ena amaika njere zazing'ono kwambiri n'kumazikuza pang'onopang'ono mpaka zitathinana, ganizo limene Boris Lubachevsky ndi Frank Stillinger analiyambitsa mu 1990. Njerezo zimathinana bwino, koma zimatuluka zikukankhana mofanana mbali zonse, pamene mchenga wa pansi pa gudumu kapena m'mbali mwa phiri umapanikizika kwambiri mbali imodzi. Ena amabwereka nzeru kwa ofufuza zamadzimadzi: mu 2003 Rafael Delgado-Buscalioni ndi Peter Coveney ku London anakonza njira yotchedwa USHER, imene imayendetsa molekyu yatsopano pakati pa zinzake kufikira itapeza pamalo pamene kufika kwake sikusokoneza mphamvu za pamenepo. M'madzi mamolekyu amagwedezeka okha ndipo posakhalitsa mlendoyo amazolowerana ndi anzake; mchenga sugwedezeka wokha, choncho cholakwika chimene chalowa chimakhala pomwepo. Enanso amakonzeratu zidutswa za mchenga wothinana mosiyanasiyana n'kuzisunga, ndipo ikafika nthawi amadula chidutswa choyenera n'kuchimata, ngakhale pamsoko pake pamafunikabe kukonza. Chothandiza koposa ndi chigawo chapakati chija. Njere ikabadwira kumapeto kwake, kumene gawo lake la katundu lili pafupifupi ziro, mulu ndi umene umasenza zonse, ndipo njereyo imapeza nthawi yokhazikika, yotsamira zinzake ndi yokoka tisipiling'i take isanafike kumene ikudaliridwa. Chigawocho chikachepa, njere zimafika zisanakhwime. Chikakula, phindu la liwiro limatha. Palibe nambala imodzi yoyenera ntchito zonse.

Wina angafunse ngati kuphonya kuthinana ndi magawo ochepa pa 100 kuli ndi kanthu. Kuli ndi kanthu kwambiri. Mu 1885 Osborne Reynolds wa ku Manchester anaonetsa kuti mchenga wothinana sungasunthe usanafufume, chifukwa njere zimayenera kukwerana kuti zidutsane. Koma mchenga wosathinana ukasunthidwa umatitimira n'kuchepa. Mukakhala madzi m'mipata, kusiyanaku kumasanduka nkhani ya moyo ndi imfa. Mu 2000 Richard Iverson ndi anzake a bungwe la USGS anafalitsa zotsatira za zoyesa zawo pa ngalande yaikulu yotsetsereka ku Oregon. Dothi lamchenga lonyowa limene mipata yake inali pafupifupi theka la malo onse linatitimira, madzi a m'mipata n'kupanikizika, dothi n'kusungunuka, ndipo pasanathe sekondi imodzi linali likuthamanga kuposa mita imodzi pa sekondi. Dothi lomwelo, mipata yake itachepetsedwa kufika pa magawo pafupifupi 40 pa 100, linkangoyenda modukizadukiza pa mamilimita awiri pa sekondi. Lachiwirili ndi dothi loti anthu angaone ming'alu n'kusamuka, loyambalo ndi napolo, wonga amene anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe mu 1991 kapena m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Damu la zinyalala za mgodi limene linagumuka ku Brumadinho ku Brazil mu Januwale 2019, n'kupha anthu 270, linagwanso chifukwa cha kusungunuka kwa zinthu zosathinana zodzaza madzi. Pulogalamu imene ikulenga njere zothinana kuposa mmene mulu unalili idzanena kuti phiri likuyenda pang'onopang'ono pamene likanathamanga, ndipo chithunzi chake chidzaoneka chokhutiritsa ndithu.

Palinso timavuto tiwiri timene sitioneka msanga. Koyamba, kabokosi ka mulu kangakhale ndi kulemera kokwana njere 412 ndi theka, koma theka la njere silingalengedwe. Chotsalacho chiyenera kusungidwa n'kudzabwezedwa mtsogolo, apo ayi pakatha masitepe mamiliyoni mchenga umakhala utachuluka kapena kuchepa popanda wouthira kapena woutapa. Kachiwiri, kunjenjemera kofulumira kochokera kumbali ya njere sikutha kulowa m'timabokosi tikulutikulu ta mulu, motero kumagunda malire n'kubwerera, ngati kuti pakati pa mchenga pali khoma limene kulibe.

Otsutsa njira yonseyi ali ndi mfundo zomveka, ndipo yoyamba ndi yakuti makompyuta akukulirakulira mphamvu, bwanji osangodikira kuti adzathe kuwerengera njere zonse? N'zoona kuti zimene zinali zosatheka m'nthawi ya Cundall lero zimachitika pa kompyuta ya patebulo, makamaka chibwerereni tizipangizo ta GPU. Ofufuza a bungwe la JAMSTEC ku Japan anakwanitsa kuwerengera njere pafupifupi 2 biliyoni pa kompyuta yaikulu. Koma njere zonsezo zinkaimira bokosi la mchenga la mu labu, osati phiri kapena damu. Masamu ake ndi ouma mtima: ukachepetsa kukula kwa njere ndi theka, njere zimachuluka maulendo 8, ndipo tizigawo ta nthawi timafunika kufupikanso ndi theka, ndiye kuti ntchito yakula maulendo 16. Kuchoka pa bokosi la mita imodzi kufika pa malo a mamita 100 mbali zonse ndi kuchulukitsa njere maulendo 1 miliyoni. Ambiri amathawira ku njira yachidule yokuza njere, kuti kamwala kamodzi kaziimira njere 1,000, ndipo pa ntchito zina zimathandiza. Koma kutsekeka kwa bowo ndi kupyapyala kwa kamzere kotsetserekera kumadalira kukula kwa njere kwenikweniko, choncho wokuza njere wasintha chinthu chomwe ankafuna kuyeza. Ndipo ngakhale kompyuta yotha zonse itapezeka, kuthera magetsi pa njere mabiliyoni zimene zangokhala phee pakati pa mulu kungakhale kuwononga.

Mfundo yachiwiri imachokera mbali inayo: ngati masamu a Janssen atumikira zaka 130, ndipo kuwerengera mulu kukunka kunola, njere n'zachiyani? Pano otsutsa ali ndi umboni wabwino. Mu 2006 Pierre Jop, Yoël Forterre ndi Olivier Pouliquen a ku Marseille anaonetsa kuti lamulo limodzi losavuta, logwirizanitsa kukhulana ndi liwiro la katsetserekedwe, limalosera bwino mmene njere zowuma zimayendera m'ngalande, ndipo mu 2012 Kamrin yemweyo ndi Georg Koval anawonjezera masamu oganizira kukula kwa njere mkati mwa njira ya mulu. Pa ntchito zambiri zimenezi n'zokwanira, ndipo injiniya amene akulumikiza njira ziwiri pamene imodzi ikanakwana akudzivutitsa chabe ndi kudzitsegulira khomo la zolakwika zatsopano. Komabe lamulo la mulu limanena zimene zimachitika mwa avereji. Silinganene kuti bowo ili lidzatsekeka pakatuluka matumba angati, chifukwa kutsekekako ndi mwayi wa njere zochepa zimene zakumana mwa njira inayake. Ndipo si mwangozi kuti munthu amene anathandiza kunola masamu a mulu ndi yemwenso ali m'gulu lolumikiza mulu ndi njere.

Mfundo yachitatu ndi imene ili yolemera, ndipo siyenera kuyankhidwa mopepuka. Njere zimene kompyuta yalenga sizinakhaleko, ndi zopeka. Kodi zotsatira zochokera pa zopeka zingakhale sayansi? Yankho ndi lakuti ngakhale njira ya njerenjere yosasakaniza imayambanso ndi zopeka, pakuti palibe amene anayezapo malo a njere iliyonse m'phiri. Chimene chimafunika si kubweza njere zomwezo, koma kubweza njere zimene gulu lake lili ndi makhalidwe omwewo: kuthinana komweko, chiwerengero chomwecho cha zokhudzana pa njere iliyonse, kulozera komweko kwa mizere yosenza katundu. Ndipo zimenezi n'zotheka kuziyesa. Pa kantchito kakang'ono kokwanika ndi njere zokhazokha, zotsatira za njira ziwirizo ziyenera kufanana. Malire akasunthidwa kapena chigawo chapakati chikakulitsidwa, yankho lisasinthe. Likasintha, ndiye kuti malirewo ndi amene akuyankhula, osati mchenga. Mulu umene wangokhala, ukasandutsidwa njere kenako n'kubwezedwa kukhala mulu maulendo ambiri, uyenera kukhalabe chikhalire osafufuma kapena kutitimira. Pamapeto pake pali labu. Mu 1961 W. A. Beverloo ndi anzake ku Wageningen anapeza kuti bowo likakula kawiri, mbewu zotuluka zimachuluka kuposa kasanu, ndipo kayendedwe kake sikadalira kutalika kwa mulu umene uli pamwamba. Pulogalamu yolephera kubwereza zimenezi siyenera kufunsidwa za damu. Chodandaulitsa n'chakuti kanema wa mchenga wa pa kompyuta amakopa maso mofanana kaya mayeso amenewa achitika kapena ayi, ndipo pa ntchito ya mafilimu, kumene zina mwa njirazi zinakulira, kukopa maso n'kokwanira. Kwa womanga nkhokwe si kokwanira, ndipo wolandira lipoti lotere ali ndi ufulu wofunsa kuti njere zinkalengedwa motani ndipo malire atasunthidwa panasintha chiyani.

Pamene otsutsa akhozabe kupambana ndi pa njere zosafanana. Zambiri mwa zimene zayesedwa bwino ndi timipira tozungulira tosasiyana kwambiri kukula, pamene mchenga weniweni uli ndi nsonga, chimanga ndi chaphwatalala, ndipo miyala ya mumgodi imasweka ikapanikizika. Kulowetsa njere yansonga m'mpata kumafuna kupeza malo ndi kagonedwe komwe, ndipo ntchitoyo imakula kwambiri. Choposa apo, njere zosiyana kukula zimadzipatula zokha zikamagwedezeka kapena kutsetsereka: zing'onozing'ono zimalowa m'mipata n'kutsika, zikuluzikulu zimatsala pamwamba ndi m'mphepete. Opanga feteleza wosakaniza amalidziwa vutoli, chifukwa kusakaniza kumene kunali koyenera m'fakitale kumatha kusokonekera pothira mulu, pokweza m'galimoto ndi panjira, mpaka thumba lina kukhala ndi mchere wina wochuluka kuposa mmene zalembedwera. Opanga mapilitsi a mankhwala amalimbana ndi zomwezo pa ufa wawo. Ngati kabokosi ka mulu kakungosunga kulemera, liwiro ndi kupanikiza, ndiye kuti pobweza njere kompyuta idzatenga zazikulu ndi zazing'ono mwa muyeso wa poyamba, n'kusakanizanso mwakachetechete zimene ulendo unali utazilekanitsa. Kuti zimenezi zipeweke, kabokosi kalikonse kayenera kusunganso kuchuluka kwa njere za msinkhu uliwonse, ndipo mulu uyenera kukhala ndi masamu ake ofotokoza mmene misinkhuyo ikusunthira kuchoka m'kabokosi kena kupita m'kena. Masamu otere alipo, monga amene Nico Gray wa ku Manchester ndi Anthony Thornton anakonza mu 2005 pa njere za misinkhu iwiri zotsetsereka pamalo otsika, koma chilichonse chimene mulu wauzidwa kuti uzikumbukira chimadya gawo la liwiro limene njirayi inapangidwira.